Mutu 7: Ndowa Ziwiri za Mayi Dikirani

1. Mpopi wokhosomola

Mpopi wa kwawo kwa Kamphepo unali ndi khalidwe lake. Ukafuna kuuma unkayamba wakhosomola kawiri, kenako n'kulavula timadzi tofiira. Wanzeru akamva chifuwa chimenecho ankathamangira ndowa. Lamlungu limene tikunenali mpopi unakhosomola m'mamawa, koma Kamphepo sanaumve. M'makutu mwake munali timahedifoni.

Koma tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono, poti nkhaniyi inayamba kupindika Lachisanu.

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi amayi ake, chifukwa mtsikanayu chilichonse ankachita ngati akuthamangitsidwa. Kudya, kuyenda, kuyankha, zonse mwaphuma. Mutu anali nawo wakuthwa, zimenezo palibe ankatsutsa. Atamaliza sekondale anayamba kuphunzira kukonza tsitsi pa saluni ina, misewu itatu kuchokera kwawo. Mwini saluniyo ankaphunzitsa atsikana asanu ndi mmodzi m'mawa, masana n'kumakonza makasitomala.

Ophunzirawo ankawatcha Mayi Dikirani. Ukagwira chipeso, "Dikirani." Ukatsegula mpopi, "Dikirani." Anali mayi wamfupi, wa magalasi okhuthala, ndipo kiyi wa kabati ya mankhwala owongolera tsitsi ankamuvala m'khosi ngati mkanda.

Miyezi itatu inatha Kamphepo asanakhudzeko chitini cha mankhwalawo. Ntchito yake inali kutsuka mitu, kugawa tsitsi m'mizere, ndi kuyendetsa zala pakhungu la m'mutu atatsinzina. Koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali cha ndowa. M'mawa uliwonse, ngakhale mpopi ukutuluka bwinobwino, ankayenera kudzaza ndowa ziwiri n'kuziika kuseri kwa chitseko.

"Ine ndinabwera kudzaphunzira tsitsi kapena kudzatunga madzi?" ankadandaula kwa anzake.

Ndiye anapeza maphunziro a pa intaneti. Tisaname, sanali oipa. Anali maphunziro khumi ndi awiri, ophunzitsidwa ndi mayi wina womwetulira, m'chipinda choyera mbee, pafupi ndi mpopi wonyezimira. Mayi ameneyo sankakalipa. Ukamubweza kasanu ankabwereza kasanu, akumwetulirabe. Pamapeto pa phunziro lililonse pankabwera mafunso, ndipo ukakhoza foni inkalira mokoma n'kukupatsa nyenyezi. Kamphepo anamaliza zonse m'milungu iwiri, foni n'kumutumizira setifiketi yokhala ndi dzina lake m'zilembo zagolide.

2. Mawu a Lachisanu

Lachisanu anafika pa saluni mochedwa, n'kudutsa ndowa zija osaziyang'ana. Anaika foni patebulo, pamaso pa aphunzitsi ake.

"Amayi, taonani. Ndakhoza zonse. Lero mundilole ndithire mankhwala."

Mayi Dikirani anatsitsa magalasi, n'kuwerenga setifiketiyo mpaka pansi, mosafulumira.

"Wachita bwino," anatero. "Tsopano katunge madzi."

Atsikana ena anaseka. Kamphepo anapsa mtima.

"Zimene mumatiphunzitsa chaka chonse, foni yandiphunzitsa milungu iwiri! Masiku ano aphunzitsi ali m'thumba, amayi. Inu mukungotichedwetsa."

Mayi Dikirani sanakweze mawu. Anakoka mpando, n'kukhala, n'kupinda thaulo pamiyendo pawo.

"Mwana wanga, khala pansi undimve, poti mwina sindidzabwerezanso. Ine foni sindidana nayo. Masitayelo atsopano ndimaonera momwemo. Koma foni imakuonetsa, siikuona. Mayi wako wa m'kanemayo sanaonepo dzanja lako. Sadziwa kuti umathina chipeso ngati ukulima, sadziwa kuti ukasangalala umaiwala kufunsa. Ine ndikudziwa, chifukwa ndakhala ndikukuyang'ana miyezi itatu.

"Mankhwala ali m'kabatimo si mafuta odzola. Ndi moto wosatuluka utsi. Amadya tsitsi kuti liwongoke, ndipo akapeza khungu lotseguka amadyanso khungulo, sasankha. N'chifukwa chake ndimakuyendetsa zala m'mitu ya anthu utatsinzina. Kachilonda ka chikhadabo diso limakaphonya, koma chala chimakamva. Munthu amene wamasula tsitsi dzulo, walitsuka, wakanda mfundu mpaka kukhuta, ameneyo umamubweza ngakhale akulire. Umamuuza kuti abwere pakatha mlungu. Adzakukwiyira lero, koma adzabweranso ali ndi tsitsi.

"Ndiye za ndowazo. Kanema wakoyo anajambulidwa kumene mpopi suuma. Kuno umauma, ndipo sutsanzika. Mankhwala akafika nthawi yake sadikira kuti madzi abwere. Ine ndili ndi zaka zako ndinaona mayi wina akuthamanga mumsewu, mutu uli mbuu ndi mankhwala, akugogoda khomo ndi khomo kupempha madzi. Amene anamuthira mankhwalawo ndinali ine. Mpaka lero mayi ameneyo amavala mpango, ndipo tikakumana ndimayang'ana pansi. Sinditsegula chitini ndowa ziwiri zisanadzaze. Iwenso usadzatero, kaya ndilipo, kaya ndinafa."

Mawu a akulu amakoma akagonera, koma Kamphepo analibe nthawi yowagoneka. Anatola foni yake.

"Zonsezo zili m'phunziro lachitatu. Funso la zilonda ndinalikhoza."

"Kukhoza funso ndi kwina," anatero Mayi Dikirani. "Kukumbukira kulifunsa munthu ali pampando, akukufulumizitsa, ndi kwinanso."

Kamphepo anavula epuloni, n'kuipachika pamsomali, n'kutuluka. Sanatsanzike. Pobwerera kwawo anadzera kusitolo n'kugula chitini chake cha mankhwala, champhamvu kwambiri, poti wogulitsa sanamufunse kanthu.

3. Tsitsi la achemwali

Kunyumba ankakhala atatu: amayi, Kamphepo, ndi mkulu wake amene iye ankawatcha achemwali. Mlungu umenewo amayi anali atapita kukadwazika mchimwene wawo, choncho m'nyumba munatsala awiriwo.

Achemwaliwo anali atakhala zaka zitatu akusaka ntchito. Makalata amene analemba akanadzaza beseni. Tsopano hotela ina inali itawaitana ku intavyu Lolemba, eyiti koloko m'mawa, pa ntchito yolandira alendo. Ntchito yoima kutsogolo, pamene mlendo aliyense amayamba waona nkhope ndi mutu wako.

Ndipo mutuwo anali nawo. Tsitsi lawo analisunga zaka zisanu ndi chimodzi osalidula, lakuda bii, lofika m'mapewa akalikoka. Kamphepo ali wamng'ono ankalisirira mpaka kulira. Loweruka achemwali anamasula malukidwe amene anakhala nawo miyezi iwiri. Anatsuka tsitsilo kawiri ndi sopo, akukanda ndi zikhadabo zonse khumi, uku akuimba ndi kukoma kwake.

Lamlungu masana anakhala pakhonde ndi kagalasi, akulimbana ndi chipeso.

"Tsitsi ili landikana," anadandaula. "Mawa ndikaoneka ngati ndagwidwa ndi magetsi. Ndipite kwa aphunzitsi ako aja akandiwongole."

"Musavutike," anayankha Kamphepo msangamsanga. "Akakubwezani. Aja amabweza anthu ngati kuti makasitomala amamera m'munda. Ndikuwongolani ine."

"Iwe? Anayamba kukulola?"

Apa ndi pamene panali mphambano. Kamphepo akanatha kunena zoona, kuti sanathirepo mankhwala pamutu wa munthu, ndiponso kuti saluni anaisiya Lachisanu. M'malo mwake anatulutsa foni n'kuwaonetsa zilembo zagolide zija.

Achemwali anaomba m'manja. "Mng'ono wanga ameneyo! Nanga ndikavutikirenji ndili ndi katswiri m'nyumba? Koma iwe, mutu ndili nawo umodzi womwewu. Ukauwononga, ubwereke wako."

Anaseka onse awiri.

4. Mphindi khumi ndi zisanu

Anaika mpando m'khitchini, pafupi ndi sinki. Kamphepo anayala zonse patebulo monga mmene mayi wa m'kanema ankayalira: magolovesi, chipeso cha mchira, kaburashi, mafuta oteteza khungu, ndi shampu wozimitsa mankhwala. Foni anaitsamiritsa ku botolo la mchere. Panali pokongola ndithu, poyenera kujambula.

Ndowa zonse ziwiri za m'nyumbamo zinali panja, zopanda madzi, poti achemwali anali atachapira m'mawa. Kamphepo anaziona kudzera pawindo. Anayang'ana mpopi, anayang'ana ndowa, n'kuvala magolovesi.

Atagawa tsitsi panayi anaona timizere tofiira pakhungu, makamaka kunkhongo ndi kuseri kwa makutu. Dzanja linaima. Mu phunziro lachitatu munali chithunzi cha zilonda, koma zija zinali zazikulu, zonyansa, zoti ngakhale mwana akanaziona. Izi zinali ting'onoting'ono. Kodi timeneti tinali zilonda kapena ayi? Mayi wa m'kanema ankangomwetulira, akupaka mankhwala pamutu wosalala wa mtsikana wina.

Pansi pa kanemayo panali malo olembapo mafunso. Kamphepo anavula golovesi limodzi, n'kujambula khungulo, n'kutumiza. Yankho linabwera nthawi yomweyo: "Zikomo chifukwa cha funso lanu. Tikuyankhani pasanathe maola makumi awiri ndi anayi."

"Bwanji waima?" anafunsa achemwali.

"Palibe. Ndimaona nthawi."

Sanawafunse kuti anatsuka liti. Ankadziwa kale, ndipo sanafune kumva yankho likutuluka pakamwa. Anapaka mafuta m'mphepete mwa chipumi ndi m'makutu, n'kutsegula chitini. Fungo lake linadzaza khitchini, lobaya m'mphuno. Anatchera wotchi ya pafoni mphindi khumi ndi zisanu.

Manja ake anali achangu, ndipo kunena chilungamo ankapaka mwaluso. Mphindi zisanu zitatha achemwali anayamba kusuntha pampando.

"Kukuyabwa."

"Ndi mmene amachitira. Ndiye kuti akugwira."

Pa mphindi zisanu ndi zitatu achemwali anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Iwe, uku si kuyabwa. Kukuwotcha. Kunkhongoku."

"Pirirani pang'ono, achemwali. Kanema akuti tikatsuka msanga tsitsi siliwongoka. Kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri zokha."

Mayi Dikirani akanayang'ana nkhope ya munthuyo, osati wotchi. Akanaona thukuta pamphuno ndi mano olumana, n'kutsuka pompo. Koma wotchi ya pafoni inkangowerenga manambala ake, ndipo Kamphepo ankakhulupirira manambalawo kuposa mawu a mkulu wake.

Pa mphindi khumi ndi imodzi achemwali anakuwa.

"Tsuka! Ndati tsuka! Ndikupsa ine!"

Kamphepo anawaweramitsa pa sinki n'kupotokola mpopi. Mpopi unakhosomola kamodzi. Unalavula timadzi tofiira tosadzaza ndi kapu yomwe. Kenako unapuma mpweya wokhawokha, fuuu, n'kukhala chete.

Anaupotokola mpaka kumapeto. Anaumenya ndi chikhatho. Anathamangira kubafa, nakonso kunali gwa. M'ketulo munali madzi a makapu awiri, m'botolo lakumwa munali theka. Anathira onsewo pamutu pa achemwali, koma madzi ochepawo anangosungunula mankhwala n'kuwatsitsira m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Achemwali analira ngati mwana, akupondaponda pansi.

Kamphepo anatulukira panja. Anagogoda khomo loyandikana nalo, panali loko. Pakhomo lachiwiri mayi wa m'nyumbamo anatukula chigubu chopanda kanthu n'kuchigwedeza. "Athawa kuyambira m'mawa, mwanawe. Sunaumve mpopi?"

Ali pakati pa msewu, magolovesi ali mbuu, anamva foni ikulira m'khitchini. Mphindi khumi ndi zisanu zinali zitakwana.

M'dera lonselo ankadziwa khomo limodzi lokha limene kuseri kwake kunali madzi.

5. Kuseri kwa chitseko

Anathamanga liwiro la mtondo wadooka. Patapata imodzi inaduka pa msewu wachiwiri, n'kuisiya pomwepo. Lamlungu saluni inkakhala yotseka, koma Mayi Dikirani ankakhala kuseri kwa saluniyo, ndipo anawapeza atakhala pampando panja akusoka thaulo.

Kamphepo anangotukula manja.

Mayi Dikirani anayang'ana magolovesiwo, n'kununkhiza mpweya kamodzi. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, sananene kuti dikirani.

"Ndani?"

"Achemwali."

"Mphindi zingati?"

"Zapitirira makumi awiri. Madzi athawa, amayi. Anakanda dzulo. Ndinaona, koma..."

"Zimenezo udzanena bwino. Nyamula."

Anatsegula saluni. Kuseri kwa chitseko kunali ndowa ziwiri, zodzaza mpaka m'milomo, zovundikiridwa ndi nsalu. Amene anazitunga anali atsikana aja amene anamuseka. Kamphepo anasenza imodzi pamutu, Mayi Dikirani ananyamula inayo m'manja, thumba la mankhwala lili paphewa. Mayi wa zaka zimenezo anayenda misewu itatu osatula, mpweya ukulira m'chifuwa.

Anawapeza achemwali atakhala pansi m'khitchini, atatsamira kabati. Anali atasiya kukuwa, ndipo kukhala chete kwawoko kunkaopsa kuposa kukuwa kuja. Anali atayesa kupukuta mankhwala ndi thaulo. Pathauloyo panali tsitsi.

"Gwada apa, mwanangu. Weramira m'beseni. Tsinzina, usatsegule maso ngakhale pang'ono," anatero Mayi Dikirani. "Iwe, thira ndi kapu. Pang'onopang'ono, osadukiza. Usakhudze ndi zala, khungu lafewa."

Kamphepo anathira. Madzi oyera ngati mkaka ankatsikira m'beseni, ndipo pamodzi ndi madziwo munkatsika tsitsi. Silinkathothoka limodzilimodzi. Linkachoka m'magulu, mwakachetechete, ngati ulusi wonyowa. Zaka zisanu ndi chimodzi zinkasambira m'beseni, iye akuona.

Ndowa yoyamba inatha. Mayi Dikirani anapaka shampu wozimitsa uja katatu, thovu likutuluka lofiirira, mpaka linayera. Ndowa yachiwiri itatsala pang'ono kutha anaimika dzanja. Anayandikitsa magalasi awo, n'kuyang'ana mutu wonse, kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Anayang'ana nthawi yaitali.

Kenako anamukokera Kamphepo pakhomo n'kulankhula motsitsa.

"Pamwambapa limeranso. Koma kunkhongo ndi kuseri kwa khutu lamanzere khungu latseguka, ndipo likutuluka madzi. Pamenepo ine sindilonjeza kanthu. Tikupita kuchipatala tsopano lino, izi zapitirira manja anga."

"Nanga intavyu ya mawa?"

Mayi Dikirani anavula mpango wawo, n'kuukung'untha, n'kuupinda bwinobwino. Kamphepo anauyang'ana mpangowo, ndipo anakumbukira mayi uja wa mumsewu. Manyazi ndi mantha zinamugwira pamodzi, n'kuyamba kulira.

"Amayi, ndikhululukireni. Munandiuza."

"Ine sunandilakwire," anatero Mayi Dikirani. "Madzi akatayika saoleka. Pukuta misozi, wopepesedwa ali m'katimo."

Patebulo foni inalira kachiwiri, kulira kokoma kuja. Pagalasi lake panatuluka mawu: "Kodi maphunziro athu akuthandizani? Tipatseni nyenyezi." Palibe anaikhudza.

Achemwali anali atadzuka n'kukhala pampando, maso atatupa, thaulo lili m'mapewa. M'beseni sanayang'anemo, poti Mayi Dikirani anali atalikankhira pansi pa tebulo ndi phazi. Achemwali anakweza dzanja pang'onopang'ono kuti agwire kunkhongo, koma mayiwo analigwira dzanjalo n'kulibwezera pamwendo.

"Kwazizira tsopano," anatero achemwali ndi mawu osasa. "Lawongoka?"

Kagalasi kaja kanali pa shelefu, pafupi ndi chitseko. Kamphepo anakatenga mwakachetechete n'kukabisa kumbuyo kwake.

Achemwali anamuona. Anayang'ana nkhope ya mng'ono wawo, anayang'ana mpango m'manja mwa Mayi Dikirani, kenako anatambasula dzanja.

"Kamphepo," anatero. "Ndipatse galasilo."